Sikelo Yovuta Mwadala

Pakhonde la kachipatala kena, pamene amayi amapimitsa ana Lachiwiri ndi Lachinayi, pali mtanda umene unayamba kupindika chifukwa chonyamula makanda a dera lonselo. Pamtandapo pamalendewera sikelo ya mbedza, ndipo pansi pa sikeloyo pamaima mayi wamfupi, wojintcha, wa magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi, cholembera atachisomeka m'tsitsi. Dzina lawo lenileni lili m'mafaelo a ku ofesi. Anthu onse amangoti Anasikelo. Ngakhale malemu amuna awo ankawaitana choncho akafuna kuwaputa.

Ntchito yawo ndi yosavuta kuifotokoza: mwana amuvule, amuveke kakabudula ka zingwe, amukoleke pambedza, muvi ugwedezeke, uime, alembe m'buku. Koma amene anganene kuti ntchito ya Anasikelo imathera pomwepo ndiye kuti sanaimepo pamzere wawo. Pakamwa pa mayi amenewa sipatseka. Wailesi imatha mabatire, iwo ayi. Khanda lililonse analilemba kale ntchito. Lonenepa ndi "abwana". Lolira kwambiri ndi "akwaya". Lokodzera kabudula wa sikelo ndi "ozimitsa moto", ndipo ozimitsa motowo ndi ambiri moti kuseri kwa khonde kuli chingwe choyanikira makabudula okhaokha.

Akamaliza kulemba, amatseka buku, nkuyang'ana make mwana pamwamba pa magalasi.

"Abwanawa ndawaona. Nanga inuyo, mayi, mwagona?"

Funso lake ndi lomwelo chaka ndi chaka, ndipo yankho samalimvera ndi makutu okha. Mayi akaseka, nkuyamba kudandaula za mkonono wa bambo akunyumba, ameneyo ali bwino, adutse. Koma akati "ndili bwino" maso ali pansi, kapena akamayang'ana mwana wake ngati katundu amene wina wamusungitsa pa depoti, pamenepo sikelo imavuta. Pamwamba pake pali kachitsulo kopotokola. Anasikelo amakakhudza ndi chala mwakabisira, muvi nkulumpha.

"Koma abale, taonani! Mwana wa miyezi iwiri akulemera ngati thumba la simenti!" Amaiomba mbama sikeloyo. "Yavutanso. Pepani mayi, pitani chipinda chakumapeto uko, kuli sikelo ina."

Bodza lake si lalikulu kwenikweni. M'chipinda chakumapeto mulidi sikelo, kungoti inafa kalekale, ndipo ntchito yake masiku ano ndi kutchinjiriza chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Chimene chilimo ndi mipando iwiri, fulasiki ya tiyi ndi anesi aakulu amene anaphunzira za maganizo a amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene. Poyamba anesiwo anakhoma chikwangwani pachitseko, cholembedwa bwinobwino kuti muno timathandiza ovutika maganizo. Miyezi itatu inatha, munangolowa nkhuku. Ndani angadzuke pabenchi, mzere wonse ukumuyang'ana, kuti mawa pamsika azimunena kuti wazungulira mutu? Koma kuvuta kwa sikelo sikuchititsa munthu manyazi. Bambo wokonza zinthu pachipatalapo anaimasula sikeloyo kanayi konse, osapeza vuto. Kachisanu anangoyang'ana Anasikelo, nkubweza sikuludiraiva m'thumba.

Chifukwa chimene amachitira zimenezi Anasikelo sanauzepo munthu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, atabereka mwana wawo woyamba, anakhala miyezi inayi kuseri kwa chitseko. Mwana akalira, iwonso ankalira. Anthu ankabwera, nkunyamula khanda, nkuliyamikira masaya, nkupita. Amene anawalabadira anangoti ndi ulesi wa atsikana a masiku ano. Anachira okha, pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero zimawapweteka. Nchifukwa chake ankadzitama poyera, akupukuta magalasi: "Pansi pa mbedza yangayi sipadutsa mayi wosweka mtima ine osamuona."

Anadzitama msanga.

Panali mtsikana wina woluka tsitsi, wa kasaluni ka chitseko chabuluu pafupi ndi pokwerera basi. Makutu ake anatseka ali mwana atadwala malungo aakulu, ndipo ankalankhula ndi manja. Mwamuna wake, dalaivala wa lole, chinenero chamanjacho ankachidziwa bwino, moti awiriwo akamakangana mumsewu zinkaoneka ngati akuthamangitsa njuchi. Koma lole silikhala pakhomo. Mimba itakula, amayi a dalaivalayo anabwera kudzathandiza, ndipo kuyambira tsiku limenelo apongoziwo anasanduka makutu ake, pakamwa pake, ndi maganizo ake omwe.

Tsiku loyamba kubweretsa khanda kusikelo, Anasikelo anachita zimene anthu akumva amachita akakumana ndi munthu wosamva. Anakuwa.

"MWAGONA, MAYI?"

Makanda asanu ndi awiri anadzidzimuka nkuyamba kulira pamodzi. Mlonda anabwera akuthamanga, chibonga chili m'manja. Woluka tsitsi yekha ndiye anangoima phee, akuyang'ana mlomo wa Anasikelo. Atasowa pogwira, Anasikelo anakweza chala chachikulu m'mwamba, nsidze nazonso m'mwamba. Mtsikanayo anakweza chake.

"Akugona amenewa, musadandaule," anatero apongozi. "Munthu wosamva phokoso angasowe tulo? Osowa tulo ndife."

Mzere unaseka, Anasikelo anaseka nawo, nkulemba m'buku. Mwezi wachiwiri, chala m'mwamba. Wachitatu, chala m'mwamba. Anasikelo anafika pomukonda mtsikanayo chifukwa chosachedwetsa mzere. Khanda lake analipatsa dzina loti "agoli", aja otchinga pagolo pampira, popeza likakolekedwa pambedza linkaponya timiyendo mosalekeza.

Mwezi wachinayi, Lachinayi lina kukutentha, apongozi analengeza nkhani pabenchi, mokweza, monga mmene anthu amalankhulira pamaso pa munthu amene akudziwa kuti sakumva.

"Ine mwezi ukatha ndikubwerera kwathu, ndipo mdzukuluyu ndipita naye. Azikamwa wa m'botolo. Mwana wanga ndalankhula naye pafoni, wati ndione mmene ndingachitire. Nanga nditani? Ndimusiye mwana azilira mpaka kukomoka, make ali pomwepo osamva? Ndiponso mpongozi wangayu sali bwino. Amangogwetsa misozi popanda womumenya. Mphika wapsereza kawiri sabata ino. Dzana analuka kasitomala mbali imodzi nkungoima, manja lende."

Sankanena mwankhanza ayi. Anali mayi wotopa, wokonda mdzukulu wake, ndipo amayi ena pabenchipo ankagwedeza mitu movomereza. Mwezi unali utatsala ndi masiku asanu ndi anayi.

Nthawi yawo itakwana, Anasikelo anayamba kuvula agoli. Atachotsa kasokosi, anaona ulusi wakuda, uja wolukira tsitsi, utamangidwa pakakolo. Anayesa ndi kokongoletsa. Koma ulusiwo sunathere pomwepo. Unadutsa pansi pa shawelo, nkukwera, nkukathera padzanja la make, pamene panali mzere wofiira, wonyuka. Agoli anaponya mwendo. Dzanja la make linagwedezeka, ndipo maso ake, amene anali atayamba kutsinzina ali chiimire, anatseguka mwadzidzidzi.

Apa Anasikelo anazindikira. Mtsikanayu anadzimangirira kwa mwana kuti mwanayo akangosuntha, iye adziwe. Ndipo mwana wake anali agoli, woponya miyendo usana ndi usiku. Ndiye kuti munthuyu anagona liti? Anamuyang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba: maso ofiira, milomo youma, diresi yokhwepa m'mapewa. Mtsikanayo, ataona kuti akumuyang'ana, anakweza chala chachikulu m'mwamba.

Kalanga ine, anatero Anasikelo mumtima. Miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikufunsa mayi, nkumamvera agogo! Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu munatentha. Mtsikanayo iwo eni anamupatsa yankho limodzi lokha, iye nkumawabwezera lomwelo, iwo nkumadzitama.

Chala chinapita pakachitsulo. Muvi unalumpha.

"Mayo ine! Agoli akulemera kuposa mlonda! Yavutanso!" Mbama inalira. Analoza mtsikanayo, nkuloza chipinda chakumapeto.

Apongozi anadzuka, nkunyamula chikwama. "Tiyeni, ndikamuyankhire."

Apa ndiye panali pogwira njakata. Amayi ena onse ankapita okha kuchipindako; uyu yekha anali ndi womuyankhira. Anasikelo anaganiza mofulumira kuposa mmene anaganizirapo chibadwire.

"Ayi agogo, inuyo ndiye ndikukufunani kuno. Sikelo imeneyi ikavuta imafuna munthu wamkulu, wa dzanja lokhazikika. Atsikanawa manja awo ndi onjenjemera ndi mafoni. Bweretsani chikwamacho." Anachikoleka pambedza. "Gwirani apa. Muziyang'ana muviwo mpaka ubwerere pakati. Mukangousiya, basi, tayambiranso."

Apongozi anakayika. Mwamwayi, kapena mwatsoka, wokonza zinthu uja ankadutsa ndi makwerero paphewa. Anasikelo anamuyang'ana ndi maso opempha. Bamboyo anaima, anayang'ana sikelo, anayang'ana agogo, anakanda chibwano.

"Eee, ndi zoona amayi," anatero mwaulemu. "Ndiponso musamaphethire kwambiri."

M'chipinda chakumapeto, chitseko chitatsekedwa, vuto linali lomwe lija. Anesi aakulu ankadziwa zizindikiro zitatu zokha: moni, kupweteka, ndi zikomo. Anapereka moni, anafunsa kupweteka, nkutsala ndi zikomo. Anasikelo anati asiyireni ine. Anaika manja patsaya, anatsinzina, nkuyamba kuliza mkonono wamphamvu, kuiwala kuti mkononowo akuumva ndi anesi okha. Kenako analoza mtsikanayo, anatambasula manja, anadzimenya pamtima, anayerekeza kulira, anayerekezanso china chake chimene ngakhale iwo eni sanachidziwe. Anesi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Woluka tsitsi anawaonerera mpaka anatopa nazo. Anapumira m'mwamba, anatambasula dzanja, nkuzula cholembera chija m'tsitsi la Anasikelo. Anakoka pepala patebulo la anesi. Zilembo zake zinali zoongoka, zokongola kuposa za kalaliki wa ku ofesi.

"Ndimadziwa kulemba. Sukulu ndinamaliza. Simunandifunsepo."

Cholembera chimenecho chinakhala m'tsitsimo miyezi yonseyi, pafupi ndi ubongo, koma nzeru osadutsa. Pakamwa pa Anasikelo panatseguka, mawu osatuluka. Anesi amanena mpaka lero kuti akanakhala ndi kamera akanajambula, chifukwa zimenezo sizinachitikepo.

Anasikelo anatenga cholemberacho, nkulemba ndi zilembo zawo zokhota ngati mapazi a nkhuku: "Pepani mwana wanga. Muli bwanji, zoona zake?"

Mtsikanayo anayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Anakweza dzanja, chala chachikulu chili m'mwamba monga mwa masiku onse. Kenako, pang'onopang'ono, anachitembenuzira pansi. Misozi inayamba kugwera pashawelo.

Sanaonepo chala chowasangalatsa ngati chimenecho, Anasikelo, poti chinanena zoona. Anamukumbatira ndi mwana yemwe.

Analemba masamba awiri. Analemba kuti amaopa kugona, chifukwa akagona mwana adzalira iye osadziwa, ndipo onse adzati tinanena ife. Analemba kuti mtima umamuthamanga ngakhale atangokhala, kuti chakudya sichikoma, kuti manja ake aiwala kuluka. Analemba kuti nkhani ya kutha kwa mwezi anaiwerenga pamilomo ya apongozi sabata ziwiri zapitazo, koma palibe anamuuza. Kwa mwamuna wake amangolemba pafoni kuti tili bwino, poopa kuti dalaivalayo angachite ngozi ndi maganizo. Pamapeto analemba kuti: "Mwina akunena zoona. Mwina sindine mayi wokwanira. Koma asamutenge."

Anesi anamuyankha papepala lomwelo, mosathamanga. Anati zimenezi ndi matenda, amagwira amayi ambiri akabereka, akumva ndi osamva omwe, ndipo amachizika. Si misala, si ulesi, komanso si umboni woti munthu walephera kulera. Anati azibwera Lachinayi lililonse, ndipo iwo apeza womasulira chinenero chamanja kuti asamathere mapepala a boma. Anati mwamuna wake ayenera kumva zoona. Koma choyamba, anatero anesi, ndi tulo.

"Nanga agogo aja?" anafunsa Anasikelo. "Tiwauze ife?"

Anesi analemba funsolo. Mtsikanayo anapukusa mutu. Anapinda mapepala ake awiri, anapukuta m'maso, nkudziloza pachifuwa.

Pakhonde anapeza apongozi adakagwira mbedza, mkono utauma, maso ali tuzu pamuvi, mzere wonse ukuwalimbikitsa. Anasikelo anakhudza kachitsulo, muvi unabwerera, ndipo anawayamikira kuti dzanja lotere sanalionepo. Kenako woluka tsitsi anapereka mapepala aja kwa apongozi ake ndi manja awiri.

Agogowo anakhala pabenchi, anatalikitsa pepala, nkuwerenga milomo ikuyenda. Anawerenga mpaka pansi. Anayang'ana dzanja lonyuka lija, anayang'ana kakolo ka mdzukulu. Anasikelo anali atakonza kale ulaliki wautali, wa mitu itatu, koma nkhope ya mayiyo inawaletsa.

"Ine ndimayesa akugona," anatero apongozi chapansipansi. "Ndimamuona atatsinzina."

Anapinda mapepalawo, anawaika m'chikwama, nkuti, "Tamva." Basi. Ananyamuka, mtsikana pambuyo.

Tamva! Mawu amenewo Anasikelo anawatembenuza sabata yonse. Tamva wake uti? Pali tamva wa munthu amene wasintha maganizo, palinso tamva wa munthu amene wagula kale tikiti ya basi.

Lachinayi lotsatira womasulira anabwera, anakhala m'chipinda chakumapeto, anamwa tiyi makapu awiri. Woluka tsitsi sanaoneke. Anasikelo ankangoyang'ana kugeti. Tsiku limenelo anakoleka mwana wina nsapato zili kumapazi, wina anamulemba kulemera kwa mnzake, ndipo ozimitsa moto atagwira ntchito yawo pa yunifolomu, iwo sananene kanthu. Amayi pamzere anayamba kunong'onezana kuti Anasikelo akudwala. Poweruka anadzera dala pokwerera basi. Chitseko chabuluu chinali chokhoma.

Mwezi unatha. Anadziimba mlandu Loweruka, anadziimbanso Lamulungu. Akanafunsa mwezi woyamba, bwenzi zonsezi kulibe.

Lachiwiri m'mawa, akupachika sikelo pamtanda, anamva mawu odziwika akudandaula kuchokera kugeti.

"Msana wanga ine watha! Pa msinkhu wanga uno kumagona pamatiresi apansi ngati mwana wa sukulu!"

Anali apongozi, chikwama cha matewera paphewa. Patsogolo pawo pankayenda woluka tsitsi, ndipo kumbuyo kwake, pansi pa shawelo, timiyendo tiwiri tinkaponya mpira wosaoneka.

Magalasi a Anasikelo anachita nkhungu. "Agogo! Simunapite?"

"Ndipite bwanji? Mwandimangirira." Anakweza dzanja. Panali ulusi wakuda uja. "Ndinaudula kwa mwana, ndinamanga kwa ine. Mbali inayo timamanga kwa make tikamagona. Mdzukulu akalira ndimamva ndine, ndiye ndimakoka, iye nkudzuka kuyamwitsa. Ndinamulembera kuti ulusi usanakoke, tulo ndi take, asandivutitse. Mwana wanganso ndamuuza kuti akabwera agule kanyale kaja amati kamayaka mwana akalira, chifukwa ine si belu wa muyaya."

"Nanga Lachinayi munali kuti? Ife kuno mitima inali m'mwamba!"

"Anagona! Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinati ndimudzutse chifukwa cha chipatala? Ndinakhala pakhomo ngati mlonda, ndikuthamangitsa makasitomala." Anatsitsa mawu, ngakhale panalibe chifukwa. "Ndipo akundiphunzitsa za manjazi. Dzulo ndimati ndipemphe madzi, akuti ndinatukwana."

Agoli anakolekedwa pambedza, muvi unaima pabwino. Anasikelo analemba, anatseka buku, anayang'ana make mwana pamwamba pa magalasi. Ulendo uno sanakuwe. Anazula cholembera m'tsitsi, nkuchipereka pamodzi ndi kapepala, nsidze zili m'mwamba.

Mtsikanayo anakweza chala chachikulu, koma sanachiloze m'mwamba kapena pansi. Anachigoneka chammbali, nkuchigwedeza pang'ono. Maso anali adakali otopa, ndipo chipinda chakumapeto chinali chikumudikirabe Lachinayi lambiri. Koma mzere wofiira uja padzanja unali utayamba kupola. Anawerama, analemba, nkubweza kapepalako.

"Ndagona maola asanu. Mwana ndili naye. Nanga inuyo, amayi, mwagona? Inu amakufunsani ndani?"

Anasikelo anawerenga. Anachotsa magalasi, anawapukuta, anawerenganso. Zaka makumi atatu ndi chimodzi funso limenelo likutuluka pakamwa pawo, linali lisanabwererepo. Kumbuyo mzere unali utafika kugeti, akwaya atayamba kale nyimbo.

Anatambasula dzanja, nkukhudza kachitsulo kaja poyera, aliyense akuona. Muvi unalumpha, pambedza popanda mwana.

"Yavuta," anatero ndi mawu osasa. "Dikirani pang'ono, amayi."

Anakhala pabenchi pafupi ndi woluka tsitsi, anatembenuza kapepala kaja, nkuyamba kulemba.